Ndalama zili mu nsoni: chinsinsi cha mafilimu oseketsa a ana a sekondale

Mu town muno muli anthu amene sangavomere pa gulu kuti amatamba mafilimu a ana a sukulu. Ukawafunsa amakamba za mfuti, za karate na za magalimoto ogubuduka. Koma apezeni usiku malaiti atapita, foni yatsala pang'ono kuzima, muzaona munthu wa ndevu zake akuseka mpaka kutsokomola chifukwa cha anyamata atatu a ku America amene alephera kugula mowa wa pa pati. M'mawa akwera minibasi na nkhope ya ku ofesi monga palibe chinachitika.

Mafilimu awa ali na mtundu wao-wao. Ni nthabwala zokamba za mwana wa zaka 15 mpaka 18, amene umwana ukumuthera m'manja koma ukulu sunamulandire. Maina ake mumawadziwa: American Pie, Mean Girls, Superbad, Clueless, The Breakfast Club. Kwa zaka zoposa 50 Hollywood yakhala ikuphika ndiwo imodzimodziyi, ndipo anthu sanaleke kubwera na mbale. Manje funso ni lakuti, filimu yopanda katswiri wodziwika, yopanda bomba ngakhale limodzi, imabweza bwanji ndalama kuwirikiza ka 10 kapena ka 20? Yankho lili pawiri. Kuipanga ni kotchipa, ndipo katundu amene ikugulitsa, nsoni za pa unyamata, palibe munthu amene sanazilawepo.

Maphikidwe ake

Choyamba ni wotchi. Pafupifupi filimu iliyonse ya mtundu uyu imayamba nthawi itatsala pang'ono kutha. Sukulu ikutsekedwa, mayeso afika, kapena prom yayandikira, uja dansi wa omaliza sukulu amene kuno timautcha leavers' ball. Amene anaonetsa njira iyi ni George Lucas mu American Graffiti ya 1973. Nkhani yonse ichitika usiku umodzi chabe, mu 1962, m'tauni ya Modesto ku California. Anyamata atsiriza sukulu, m'mawa awiri a iwo afunika kukwera ndeke kupita ku koleji, ndiye usiku wonse akuzungulira na magalimoto, wailesi ikulira, aliyense akuopa kukamba kuti ali na mantha.

Chachiwiri ni magulu. Pali wanzeru wa magalasi amene atsikana samuona, pali wa mpira amene sukulu yonse imamugwadira, pali mtsikana wa ku mayadi na gulu lake lomuombera m'manja, pali wovuta amene aticha anamulemba kale m'buku loipa. John Hughes mu The Breakfast Club ya 1985 anatenga ana asanu a magulu osiyana n'kuwatsekera mu laibulale tsiku la Loweruka pa chilango. Filimu yonse ni kukambirana chabe, ndipo pofika madzulo aliyense wazindikira kuti mnzake nayenso ali na moto wake kunyumba.

Chachitatu ni bodza laling'ono limene limakula mpaka kuphulika. Ferris Bueller, mu filimu ya Hughes ya 1986, ananama kuti adwala kuti adoje sukulu, n'kutenga Ferrari ya atate a mnzake kukazungulira nayo mu Chicago. Mu Superbad ya 2007, kamnyamata kooneka monga ka giredi 8 kanapangitsa chitupa chabodza chokhala na dzina limodzi chabe, McLovin, kuti kakagule mowa. Wotamba aliyense amadziwa kuti vizavuta. Chimene amakhalira pampando ni kuona kuti vizavuta bwanji.

Masamu a bizinesi

Mwini kantemba aliyense amadziwa kuti phindu silikhala pa zimene wagulitsa chabe, limayambira pa mtengo wa oda. Mafilimu naonso ni chimodzimodzi. Titanic ya 1997 inadya pafupifupi $200 miliyoni kuti ipangidwe. American Pie, imene inatuluka mu 1999, inadya $11 miliyoni. Ndiye kuti na ndalama za Titanic imodzi mukanapanga ma American Pie 18. Koma kafilimu ako kanabweretsa pafupifupi $235 miliyoni padziko lonse.

Sikanali koyamba. American Graffiti inapangidwa na ndalama zosafika $1 miliyoni, n'kubweza zoposa $100 miliyoni, ndipo chipambano chake n'chimene chinapangitsa mabwana a makampani kumvera Lucas pamene anabwera na nkhani ya Star Wars. The Breakfast Club inadya pafupifupi $1 miliyoni, inabweza zoposa $50 miliyoni. Napoleon Dynamite ya 2004, yojambulidwa m'katauni ka Preston ku Idaho, inapangidwa na $400,000 chabe ndipo inadutsa $40 miliyoni. Superbad inadya pafupifupi $20 miliyoni n'kubweza pafupifupi $170 miliyoni. Juno, ya 2007 futi, inadya zosafika $8 miliyoni koma inapitirira $230 miliyoni.

Osathamangira kuganiza kuti zonsezi zimalowa m'thumba la wopanga filimu. Eni masinema amatenga pafupifupi theka la ndalama za matiketi, ndiye palinso za kulengeza filimu pa TV na pa zikwangwani, zimene nthawi zina zimaposa za kupangira. Ndiye chifukwa chake filimu yodula imafunika kugulitsa maningi kuti ingobweza chabe zimene inadya. Yotchipa ikangogwira mtima wa anthu kwa masabata awiri, yayamba kale kudyetsa eni ake. Ikagwa, bala lake ni laling'ono, kampani siilira nthawi yaitali.

Kutchipa kwake kuli na zifukwa zooneka. Malo ojambulira ni kalasi, bwalo la mpira, chipinda chogona na nyumba imodzi ya pati. The Breakfast Club inajambulidwa m'sukulu yotsekedwa ku Des Plaines pafupi na Chicago, laibulale ija anachita kuimanga mu holo ya masewera. Zovala ni majini na masikipa. Osewera ni achichepere amene palibe amawadziwa, ndiye malipiro ao ni ochepa. Jon Heder, amene anasewera Napoleon Dynamite, poyamba analandira $1,000 chabe.

Pali kabodza kamodzi kamene ambiri sakaona. Ana a sukulu a mu mafilimu awa nthawi zambiri ni anthu akulu-akulu. Alan Ruck anali na zaka 29 pamene anasewera mnzake wa Ferris Bueller. Rachel McAdams anali cha m'ma 25 pamene anali mfumukazi ya sukulu mu Mean Girls. Chifukwa chake ni malamulo a nchito: mwana wosafika zaka 18 saloledwa kujambula maola ambiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse loonjezera ni ndalama. So ngati mwana wanu wa giredi 10 akudandaula kuti saoneka monga aja a mu filimu, muuzeni kuti akudziyerekeza na anthu a msinkhu wa aticha ake.

Msika umene sukalamba

Wogulitsa mayunifomu sadandaula za makasitomala, chifukwa Januwale iliyonse kumabwera ana atsopano. Mafilimu awa ali pa msika wa mtundu womwewo. Pakapita zaka zinayi kapena zisanu, amene anali ku sekondale achoka, alowa ena amene nthabwala zakale kwa iwo ni zatsopano, ndipo afuna filimu yao-yao yokhala na nyimbo zao na mafoni ao. A 1982 anali na Fast Times at Ridgemont High, a 1995 Clueless, a 1999 American Pie, a 2004 Mean Girls, a 2007 Superbad, a 2010 Easy A. Mafupa ni amodzi, chimasintha ni chovala.

Achichepere futi sapita ku sinema okha. Amapita asanu, ndipo filimu ikawama amabwereranso na anzao amene anatsala. Lolemba ku sukulu aliyense akubwereza nthabwala zija, amene sanatambe amakhala monga mlendo pa maliro a eni. Kulengeza kotere kampani siilipira ngwee.

Nyimbo nazo zimagwira nchito yaikulu. American Graffiti inali yodzaza na nyimbo zakale za rock and roll kuchokera poyambira mpaka pothera, ndipo chimbale chake chinagulitsidwa maningi. Nyimbo ya gulu la Simple Minds ya mu The Breakfast Club inafika pa nambala 1 ku America mu 1985. Filimu imagulitsa nyimbo, nyimbo ikalira pa wailesi imakumbutsa anthu filimu.

Ndiye pali moyo wachiwiri. Mafilimu awa anakula pamodzi na matepi a vidiyo, pambuyo pake ma DVD. Mwana amene anakanizidwa pa khomo la sinema chifukwa cha msinkhu anali kuitamba kunyumba makolo atagona. American Pie inabala mafilimu ena atatu a ku sinema, mu 2001, 2003 na 2012, ndipo onse anayi pamodzi anayandikira $1 biliyoni. Panatulukanso ena angapo opita pa DVD chabe. Njira yomweyi ndiyo inawafikitsa kuno. Ambiri a ife sitinawaonere ku sinema. Tinawapeza mu ma video show a mu komboni, pa benchi ya thabwa, kapena pa ma DVD aja a m'misewu okhala na mafilimu 12 pa chimbale chimodzi. Eni filimu sanaonepo ngwee pa izi, koma dzina la Stifler linafika mpaka ku Chawama.

Chimene chimaoloka nyanja

Barber wina wa ku Mtendere amakonda kutsutsa makasitomala ake pa nkhani iyi. Tsiku lina akumeta mnyamata wa ku koleji anati, "Iwe, vamene utamba ivi ni va bazungu. Unaonapo kuti mwana wa giredi 11 ayenda ku sukulu na motoka yake? Unaonapo mwana amenya chitseko pamaso pa bamai bake, mailo aukanso ali moyo?" Shopu yonse inaseka. Mnyamata uja anadikira makina azime, n'kuyankha mwaulemu, "Ba mudala, imwe simunalembepo kalata ku mukazi, yagwidwa na ba ticha, baiwerenga pa assembly?" Barber anangoti zii, n'kuyamba kupukuta makina amene anali oyera kale.

Onse awiri anakamba zoona. Kunja kwa mafilimu awa n'kwachilendo kwa ife. Ana alibe yunifomu, ali na makabati ao a chitsulo m'makhonde a sukulu, makolo amapita ulendo n'kusiya nyumba yonse m'manja mwa mwana wa zaka 17. Kuno ngakhale makolo achoke, pali anti, pali a landlord, pali amai a pa nyumba yoyandikana amene maso ao sagona. Koma mkati mwake muli zinthu zathu. Mau kusintha pakati pa kuwerenga m'kalasi. Kukonzekera sabata yonse zokamba kwa mtsikana, ukafika pamaso pake n'kufunsa za homuweki. Kunama kwa anzako kuti unachita kale zimene sunayambe walotapo. Atate kuyesa kukulangiza za akazi, onse awiri mukuyang'ana pansi. Eugene Levy, amene anasewera atate a Jim mu American Pie, anatchuka na chinthu chimodzi ichi: kholo la mtima wabwino limene limalowa m'chipinda pa nthawi yolakwika.

Nsoni n'zosiyana na nthabwala za mau. Nthabwala ya mau imafuna kuti udziwe chilankhulo bwino-bwino. Munthu wogwidwa akunama safuna womasulira. Ndipo wotamba amapeza phindu kawiri. Wa zaka 16 amaona kuti si ndiye yekha wopusa pa dziko. Wa zaka 40 amaseka chifukwa anapulumuka.

Pansi pa phokoso lonse pamakhala chisoni chimene filimu yabwino imabisa mpaka kumapeto. Superbad imaoneka monga nkhani ya mowa na atsikana, koma mtima wake ni anyamata awiri amene akulira pamodzi kuyambira ali aang'ono, manje apita ku makoleji osiyana, ndipo palibe amene adziwa kukamba kuti azamusowa mnzake. Aliyense amene anatsiriza giredi 12 n'kuona mnzake wa pa desiki imodzi apita ku UNZA, iye atsala pa kantemba ka ankolo, amaidziwa nkhani iyi popanda kuuzidwa.

Olemba amene anatchera khutu

Mafilimu a mtundu uyu oipa ni ambiri kupambana abwino, ndipo kusiyana kwao kumakhala pa khutu la wolemba. Ana amanunkhiza msanga munthu wamkulu amene akuyesa kukamba monga iwo. Cameron Crowe ali na zaka 22 anabwerera ku sekondale ina ku San Diego, n'kukhala m'kalasi monga mwana wa sukulu kuti amve mmene anzake amakambira. Buku limene analemba ndilo linakhala Fast Times at Ridgemont High. Seth Rogen na Evan Goldberg anayamba kulemba Superbad ali na zaka 13 ku Vancouver, ndiye chifukwa chake anyamata a mu filimu ali na maina ao. Tina Fey anamanga Mean Girls pa buku la Rosalind Wiseman la 2002, limene silinali nthano konse, linali lolangiza makolo za mmene atsikana amazunzirana m'magulu ao.

Ena anapita kukabwereka kwa akufa. Clueless ya Amy Heckerling ni nkhani ya Emma, buku la Jane Austen la 1815, yovekedwa siketi yaifupi ya ku Beverly Hills. 10 Things I Hate About You ya 1999 inachokera ku sewero la Shakespeare. Mabuku akale otere salipiritsa munthu, ndipo nkhani zao za ulemu, za magulu na za amene ayenera kukwatira ndani zimakwana bwino m'sukulu, chifukwa sekondale ni mudzi waung'ono wokhala na mafumu ake na akapolo ake.

Phindu lina ni nkhope zatsopano. Harrison Ford anali na mbali yaing'ono mu American Graffiti. Sean Penn anadziwika na Fast Times, Heath Ledger na 10 Things, ndipo Superbad inali filimu yoyamba ya Emma Stone, amene pambuyo pake anatenga Oscar kawiri. Kampani imawapeza ali otchipa, ndipo akatchuka filimu yakale ija imayambanso kugulitsa.

Mean Girls inapita patali kuposa apa. Inadya zosafika $20 miliyoni, inabweza pafupifupi $130 miliyoni, mu 2018 inakhala sewero la nyimbo ku Broadway, ndipo mu 2024 sewerolo linakhalanso filimu. Chaka chilichonse pa 3 Okutobala anthu pa intaneti amaikumbukira chifukwa cha kachigawo kamodzi ka m'kalasi. Ife kuno tili na kadandaulo kathu. Mtsikana wa mu filimu ya 2004 akuti anakulira ku "Africa", osatchula dziko, monga kuti kuchokera ku Cairo mpaka ku Livingstone ni mudzi umodzi wa mikango. Mu sewero la ku Broadway na mu filimu ya 2024 ndiye anakumbuka kutchula Kenya.

Zimene zinaola m'poto

Anti wina wa ku Kabwata anapeza American Pie pa TV usiku, n'kuitana mwana wa mchemwali wake wa giredi 11 kuti aone filimu imene iwo anali kuseka pa utsikana wao. Pakati pa filimu kamtsikana kanatembenuka n'kufunsa, "Ba anti, uja mukazi bamujambula osamuuza, sukulu yonse yatamba, futi ndiye wamene bamupitikisa? Nanga banyamata baja bachitiwa chani?" Anti anatsegula pakamwa, yankho silinabwere. Mu filimu anyamata aja sanachitidwe kanthu. Mtsikana wa ku dziko lina uja ndiye anabwezedwa kwao. Mu 1999 anthu anaona nthabwala. Lero, pamene foni iliyonse ili na kamera ndipo vidiyo imazungulira WhatsApp yonse isanafike nthawi ya nsima, iyi ni nkhani ya ku polisi.

Sixteen Candles ya 1984 ili na mabala ake. Muli mnyamata wa ku Asia amene anaikidwamo kuti azisekedwa chabe chifukwa cha kakambidwe kake, ndipo muli mtsikana woledzera amene chibwenzi chake chimamupereka kwa mnyamata wina monga katundu. Molly Ringwald, amene anali nkhope ya mafilimu a Hughes, analemba mu magazini ya The New Yorker mu 2018 kuti atatambanso The Breakfast Club pamodzi na mwana wake wamkazi, zina zinamuvuta mtima, maka-maka mmene mnyamata wovuta uja amazunzira mtsikana amene pothera amamukonda. Sanakane mafilimu aja, koma sanabise zimene anaona.

Kwa zaka zambiri futi masukulu a mu mafilimu awa anali a azungu okha-okha. Cooley High ya 1975 inaonetsa ana akuda a ku Chicago, ndipo House Party ya 1990, ya Reginald Hudlin na oimba Kid 'n Play, inadya $2.5 miliyoni n'kubweza zoposa $26 miliyoni. Msika unalipo kale, amene anachedwa kuuona ni mabwana.

Kwa makolo, nkhani iyi ili na mbali yogwira. Filimu kukamba za ana a sukulu sikutanthauza kuti ni ya ana. American Pie, Superbad na The Breakfast Club ku America zili pa mlingo wa R, kutanthauza kuti wosafika zaka 17 salowa popanda kholo kapena womuyang'anira. Clueless, Mean Girls, Easy A na Juno zili pa PG-13, mlingo umene unayamba mu 1984. Pa DStv nambala ya msinkhu imaoneka filimu ikamayamba, pamodzi na zilembo zoonetsa ngati muli kutukwana, umaliseche kapena chiwawa. Kuzimitsa TV chabe sikuthandiza kwenikweni, chifukwa foni ya mnzake ili na mabundle. Chimene chimagwira nchito ni kukhala pansi n'kutamba naye imodzi yoyenera msinkhu wake, n'kumusiya afunse. Juno, nkhani ya mtsikana wa zaka 16 amene watenga mimba koma apitiriza sukulu, ingatsegule nkhani imene m'nyumba zambiri imakambidwa madzi atafika kale m'khosi. Kuno lamulo lolola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka lilipo kuyambira 1997, koma nsoni zimabweza ambiri pa geti.

Kuchoka ku sinema kulowa mu foni

Kuyambira cha m'ma 2010 masinema anadzaza na anthu ouluka ovala zophimba kumaso, ndipo mafilimu apakati-kati anayamba kusowa malo. Malonda a DVD, amene anali kupulumutsa filimu yogwa ku sinema, anatsika. Booksmart ya 2019, nkhani ya atsikana awiri anzeru amene azindikira usiku womaliza kuti anzao osewera naonso apita ku makoleji abwino, inatamandidwa maningi na olemba za mafilimu, koma inabweza pafupifupi $25 miliyoni chabe.

Achichepere sanaleke kutamba, anangosintha malo. Mu 2018 Netflix inatulutsa To All the Boys I've Loved Before na The Kissing Booth, ndipo iliyonse inabala ena awiri otsatira. The Kissing Booth imakamba za California, koma mbali yaikulu inajambulidwa ku Cape Town, chifukwa kumeneko dola imagula zambiri. Masamu aja a kantemba akali kulamulira.

Nanga yathu ili kuti?

Maiko ena anaona kuti maphikidwe awa alibe mwini. Ku Britain, The Inbetweeners Movie ya 2011, ya anyamata anayi opita ku Crete atatsiriza sukulu, inadya mapaundi 3.5 miliyoni n'kubweza oposa 40 miliyoni kwao komweko. Ku South Africa kunatuluka Bakgat! mu 2008 m'chilankhulo cha Afrikaans, ndiye Spud mu 2010, ya mnyamata wa ku boarding mu 1990, chaka chimene Nelson Mandela anatuluka m'ndende. Onse awiri anabala otsatira. Anawina chifukwa sanakope makabati a chitsulo a ku America. Anaika sukulu zao, aticha ao na kakambidwe kao.

Kuno kwathu luso lilipo. Rungano Nyoni anatenga BAFTA mu 2018 na I Am Not a Witch. Can You See Us? inafika pa Netflix mu 2023, ndipo chaka chomwecho Supa Team 4 ya Malenga Mulendema inaika atsikana anayi a sekondale mu Lusaka ya m'tsogolo. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tili anthu oposa 19 miliyoni, ndipo ambiri mwa ife ni achichepere. Owatamba alipo kale, akungodya za eni.

Vuto lalikulu ni pogulitsira. Masinema ni ochepa ndipo ali m'mamall, tiketi imalimbana na thumba la unga, ndipo filimu ikangotuluka mawa lake ili pa flash ya aliyense. Wopanga filimu kuno afunika kuganiza za TV, za Zambezi Magic, za YouTube kapena Netflix asanagule batire ya kamera. Koma pa mitundu yonse ya mafilimu, uyu ndiye sufuna helikopita. Ufuna sukulu imodzi pa holide, mayunifomu 30, na wolemba amene angakhale kumbuyo kwa minibasi ya ana a sukulu miyezi itatu, pakamwa potseka, makutu otsegula.

Nkhani zili mbwee. Prefect amene mphamvu zake zizatha Lachisanu likubwera. Anyamata a ku boarding amene alumpha waya kukagula vitumbuwa n'kukumana na ahedi pa kantemba. Mtsikana wa ku komboni amene wanama chaka chonse kuti akhala ku Kabulonga, manje anzake afuna kumuperekeza kunyumba. Suti ya leavers' ball yobwereka kwa ankolo, mwini wake akuifuna pofika 20 hours chifukwa ali na kitchen party ya kuchipongozi yokatengako akazi ake. Ndiye wotchi tili nayo kale, yoopsa kuposa prom iliyonse: tsiku limene zotsatira za giredi 12 zimatuluka, pamene nyumba yonse, mpaka agogo ochokera ku Chipata, yazungulira foni imodzi kudikira meseji.